Momwe Mungasungire Mbiri ya Ligi Yanu ya Fantasy Premier League

Masewera a Fantasy Premier League, momwe munthu amasankha osewera a ligi yaikulu ya ku England pa intaneti n'kumapeza mapointi malinga ndi momwe asewerera, sasunga mbiri ya ligi ya inu ndi anzanu. Sizoni ikatha mu Meyi, tebulo lanu limaonekabe kwa masabata ochepa. Masewera a sizoni yatsopano akangotsegulidwa, kawirikawiri mu Julayi, zonse zimachoka. Chimene chimatsala pa tsamba la munthu aliyense ndi kamzere kamodzi pa sizoni iliyonse, koonetsa mapointi onse amene anapeza ndi malo ake pa dziko lonse. Za amene anatsogola ligi yanu kuyambira Ogasiti n'kudzapitiriridwa sabata yomaliza, kapena amene anasiya mapointi ochuluka pa benchi, masewerawa sakumbukira. Ligi ikafika chaka chachinayi, anthu amayamba kukangana za amene anatenga chikho sizoni yoyamba, ndipo palibe amene ali ndi umboni m'manja.

Ndiye mbiriyo muyenera kulemba nokha, zinthu zikuchitika. Ndikamba za Fantasy Premier League, imene inayamba sizoni ya 2002/03 ndipo pofika 2022/23 inali ndi matimu opitirira 11 miliyoni, koma njira yake ikhoza kugwiranso pa masewera ena amtundu womwewu.

Choyamba, pezani mlembi ndi posungira

Sankhani munthu mmodzi akhale mlembi. Sikofunika kuti akhale katswiri wa mpira. Chofunika n'chakuti akhale munthu amene sataya mtima timu yake ikakhala kunsi kwa tebulo, chifukwa ambiri amasiya kutsegula masewerawa akaona kuti anzawo awasiya kutali, ndipo mlembi akasiya, kaundula naye amaima. Musankhenso wachiwiri wake woti azionanso manambala, makamaka a mlembi mwiniwakeyo.

Kaundulayo akhale mu Google Sheets kapena Excel, pomwe aliyense angathe kuwerenga koma olemba ndi awiri okhawo. Gulu la WhatsApp ndi lochezeramo, si losungiramo zinthu: foni imatayika, zithunzi anthu amafufuta malo akachepa, ndipo wolowa m'gulu mochedwa saona zonse zakale. Mu kaundulamo tsegulani tsamba la anthu, la malamulo, la marekodi, kenako tsamba limodzi pa sizoni iliyonse.

Chachiwiri, lembani anthu, osati matimu

Maina a matimu amasintha chaka ndi chaka, ena pakati pa sizoni penipeni. Mukalemba kuti chikho anatenga timu yakutiyakuti, pakatha zaka zitatu palibe adzadziwe kuti mwini wake anali ndani. Munthu aliyense akhale ndi mzere wake pa dzina limene mumamutchula, ndipo kutsogolo kwake muzilemba dzina la timu yake pa sizoni iliyonse.

Lembaninso nambala ya timu yake. Mukatsegula tsamba la mapointi pa intaneti osati mu app, nambalayi imaoneka pa adiresi ya tsambalo, pambuyo pa mawu akuti entry. Ndi nambalayi mlembi angathe kuona timu ya munthuyo sabata iliyonse popanda kumuvutitsa. Nayo imasintha sizoni iliyonse, choncho muziitenganso mwatsopano mu Ogasiti. Uzaninso aliyense kuti asamasinthe akaunti. Wotsegula akaunti yatsopano amasiya mbiri yake yonse ku yakale.

Chachitatu, gwirizanani malamulo mpira usanayambe

Apa ndi pomwe ligi zambiri zimasokonekera, ndipo ndi pofunika kukhalapo pang'ono. Lamulo lopangidwa sizoni isanayambe aliyense amalilandira. Lomwelo likapangidwa mu Epulo, wina amati lapangidwira iyeyo.

Nkhani yoyamba ndi ya mapointi odulidwa. Munthu akasintha osewera kupitirira ma transfer ake aulere, amadulidwa mapointi 4 pa wosewera aliyense woonjezerayo. Pa tsamba la Gameweek History (Gameweek ndi sabata imodzi ya mpira), mapointi a sabata ndi odulidwawo amaoneka m'magawo osiyana, ndipo anthu amakonda kutchula nambala yaikuluyo. Tiyerekeze kuti wina wapeza 84 koma anasintha osewera awiri oonjezera, pamene mnzake wapeza 79 osadulidwa kalikonse. Woyambayo kwenikweni ali ndi 76. Kwa ine wapambana sabata imeneyo ndi wa 79 uja, chifukwa ndiye wakwera kwambiri pa tebulo. Inu mukhoza kugwirizana zina, koma lembani, ndipo marekodi onse atsatire njira imodzi.

Yachiwiri ndi yofanana mapointi. Mu ligi ya Classic, momwe amangophatikiza mapointi a masabata onse, masewerawa amaika patsogolo amene wasintha osewera kochepa, osawerengera zosintha za pa Wildcard ndi Free Hit. Amenewa ndi ena mwa ma chip, mwayi wapadera umene munthu amapatsidwa pa sizoni, ndipo awiriwa amalola kusintha osewera mopanda malire osadulidwa. Mu ligi ya Head-to-Head, momwe anthu amapikisana awiriawiri sabata iliyonse, kupambana ndi mapointi 3 ndipo kufanana mphamvu ndi pointi 1, anthu akafanana amaona amene timu yake yapeza mapointi ambiri m'masabata onse. Tsatirani malamulo a eni masewerawa. Ndi osavuta kutsimikiza ndipo palibe anganene kuti mlembi wakondera.

Yachitatu ndi yakuti ngwazi ya ligi ndi ndani, ngati mumasewera Classic, Head-to-Head ndi kapu pamodzi. Ine ndimaona kuti ulemu waukulu upite kwa wopambana Classic, chifukwa kumeneko pointi iliyonse ya masabata onse 38 imawerengedwa. Ku Head-to-Head munthu akhoza kupeza 90 n'kugonja kwa wa 91, tsiku lomwelo wa 40 akupambana wa 38. Ndi zokoma, ndipo opambana ake alembedwe pa mndandanda wawo, koma musaziphatikize n'kumati wakuti ali ndi zikho zisanu pamene zitatu ndi za kapu.

Kambiraninso za olowa mochedwa ndi osiya pakati. Wosiya akhalebe pa tebulo la sizoniyo, koma muike chizindikiro pa dzina lake ndi sabata imene anasiyira, kuti timu yopanda mwini isatenge rekodi ya mapointi ochepetsetsa. Ngati mumasonkha ndalama za mphoto, lembani amene wapereka, amene walandira ndi tsiku lake. Ubwenzi umasokonekera pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Chachinayi, lembani sabata ndi sabata

Musalembe mpira uli mkati. Tebulo la Loweruka usiku si lomaliza ngati pali masewera Lamulungu kapena Lolemba. Ngakhale masewera otsiriza atatha, pamatsalabe mabonasi, amene amaperekedwa 3, 2 ndi 1 kwa osewera atatu ochita bwino pa masewera aliwonse, komanso kulowetsa a pa benchi m'malo mwa amene sanasewere. Nthawi zina chigoli chimene chinapatsidwa kwa wosewera wina chimasinthidwa n'kukhala chodzigoletsa, kapena assist imapita kwa munthu wina. Dikirani eni Fantasy Premier League atsimikize mapointi ndi kukonza matebulo, kenako lembani.

Pa munthu aliyense lembani mapointi a sabatayo, odulidwa, otsala pa benchi, kaputeni wake (wosewera amene mapointi ake amawirikizidwa kawiri) ndi chip ngati waigwiritsa ntchito. Pamwamba pa tsamba lembani avareji ya dziko lonse ya sabatayo, imene imaoneka pa tsamba la mapointi, komanso ngati inali Double Gameweek kapena Blank Gameweek. Masabata amenewa amabwera masewera a ligi akasunthidwa, kawirikawiri chifukwa cha FA Cup ndi League Cup, moti matimu ena amasewera kawiri pa sabata imodzi, ena osasewera n'komwe.

Pa zonsezi, chimene chimatayika msanga ndi kaputeni. Gameweek History imaonetsa mapointi, a pa benchi, ma transfer, mtengo wa timu ndi ma chip, koma siyitchula kaputeni. Kuti mumudziwe muyenera kutsegula timu ya munthuyo ya sabata imeneyo n'kuona amene ali ndi chilembo C. Ndi ntchito yotopetsa mukaiunjika, koma ndiyo imafotokoza bwino momwe ligi inayendera. Anthu a ligi imodzi amakhala ndi osewera ofanana ambiri, ndipo kawirikawiri amasiyana pa amene anamupatsa mapointi owirikiza.

Jambulaninso tebulo pa sikirini sabata iliyonse, n'kulipatsa dzina la sizoni ndi nambala ya Gameweek. Ngati ligi yanu ndi yaikulu, mlembi azilemba mapointi ndi makaputeni okha, zinazo azidzaza kamodzi pa mwezi. Kuphonya sabata imodzi si vuto, popeza zonse zimakhalapo mpaka sizoni ithe.

Chachisanu, sankhani marekodi oti muzisunga

Yambani ndi ochepa. Mapointi ochuluka pa sizoni, ochuluka pa sabata imodzi, ochepetsetsa pa sabata imodzi, ochuluka otsala pa benchi, kusiyana kwakukulu ndi kwakung'ono pakati pa woyamba ndi wachiwiri pomaliza, masabata ambiri pamwamba pa tebulo motsatizana, ndi mpata waukulu umene munthu anatseka n'kutenga chikho. Enawo adzabwera okha pamene mukukangana.

Rekodi ya mapointi ochuluka pa sabata muigawe pawiri: ya sabata wamba, ndi ya sabata imene munthu anagwiritsa ntchito chip kapena inali Double Gameweek. Chifukwa chake n'choonekeratu. Pa Bench Boost osewera onse 15 amawerengedwa m'malo mwa 11. Pa Triple Captain, pomwe mapointi a kaputeni amawerengedwa katatu, chigoli chimodzi cha wosewera pakati, chimene ndi mapointi 5, chimasanduka 15, ndipo ngati wosewerayo ali ndi masewera awiri, mwayi umenewu umabwera kawiri. Munthu wopeza 95 pa sabata wamba wachita chinthu chovuta kuposa wopeza 120 ndi Bench Boost pa Double Gameweek, ndipo mukawaika pa mzere umodzi woyambayo sadzaonekanso.

Pa rekodi iliyonse lembani dzina, nambala, sizoni ndi Gameweek. Wina akaipitirira, musafufute wakaleyo. Onjezani mzere pansi pake. Onani momwe zilili ndi rekodi ya osewera enieni m'masewerawa: Luis Suarez anapeza mapointi 295 mu 2013/14, Mohamed Salah anamupitirira ndi 303 mu 2017/18, kenako Salah yemweyo anafika pa 344 mu 2024/25. Nambala ya 344 payokha siuza munthu zambiri. Imamveka kukula kwake ukadziwa kuti 303 inakhala zaka zisanu ndi ziwiri popanda woifikira, ngakhale Erling Haaland amene anamwetsa zigoli 36 mu 2022/23 anathera pa 272. Marekodi a ligi yanu nawo amakoma akamaoneka momwe anasinthira manja.

Za marekodi opweteka, monga womaliza kunsi kapena wotaya mpata waukulu, funsani gulu kaye. Ena amasangalala nawo, ena amachoka nawo m'ligi, ndipo ligi ya anzanu siyenera kutaya munthu chifukwa cha mzere wa mu kaundula.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani zimene zinasintha chaka chimenecho

Pamwamba pa tsamba la sizoni iliyonse siyani malo olembapo malamulo atsopano ndi zachilendo zimene zinachitika. Popanda zimenezi, manambala a zaka zosiyana amanamiza.

Ma chip a Bench Boost, Triple Captain ndi All Out Attack anabwera mu 2015/16. Mu 2017/18, Free Hit inalowa m'malo mwa All Out Attack. Mu 2024/25 analola kusunga ma transfer aulere mpaka asanu, ndipo kunabwera chip ya Assistant Manager imene inangokhala sizoni imodzi. Mu 2025/26 anayamba kupereka mapointi 2 kwa osewera ochita ntchito yaikulu yotchinga, komanso ma chip onse anaperekedwa kawiri, gawo loyamba la sizoni ndi lachiwiri. Munthu amene anatenga chikho mu 2014/15 sanali ndi zida zimene ali nazo wa lero.

Palinso zaka zimene mpira weniweniwo unasokonekera. Mu Malichi 2020 ligi inaima chifukwa cha Covid-19, n'kudzayambiranso pa 17 Juni ndi kutha pa 26 Julayi. Mu Seputembala 2022, masewera onse a Gameweek 7 anaimitsidwa Mfumukazi Elizabeth II atamwalira, moti sabata imeneyo panalibe mapointi a mpira, ndipo siyenera kulowa pa rekodi ya mapointi ochepetsetsa. Sizoni yomweyo ligi inapumira World Cup ya ku Qatar, ndipo aliyense analoledwa kusintha osewera mopanda malire isanayambirenso mu Disembala.

Ndiye mungayerekeze bwanji ngwazi za zaka zosiyana? Musaone mapointi onse okha. Onani kuti ngwaziyo inasiya patali bwanji avareji ya ligi yanu chaka chimenecho. Tiyerekeze kuti wina anapambana ndi 2,350 pamene avareji ya ligi inali 2,150, ndipo chaka china wina anapambana ndi 2,480 avareji ili 2,400. Wachiwiriyu ali ndi rekodi ya mapointi, palibe angamulande. Koma woyambayo anasiya anzake ndi 200, wachiwiri ndi 80 okha. Sungani manambala onse awiri, ndipo mikangano yanu idzakhala ndi poyambira.

Chachisanu ndi chiwiri, kololani zonse sizoni ikangotha

Pa Gameweek 38 masewera onse khumi amayamba nthawi imodzi, ndipo usiku wake kapena m'mawa mwake zonse zimakhala zadziwika. Sabata yomweyo mlembi ajambule tebulo lomaliza lonse, kuyambira woyamba mpaka womaliza, osati atatu apamwamba okha. Aliyense atumize chithunzi cha Gameweek History yake yonse, pamodzi ndi gawo loonetsa masabata amene anagwiritsa ntchito ma chip. Ngati muli ndi Head-to-Head kapena kapu, jambulani zotsatira zonse. Lembani chiwerengero cha anthu amene anali m'ligi, mtengo wa timu iliyonse pomaliza, malo a aliyense pa dziko lonse, ndi osewera 15 a ngwazi.

Ikani tsiku lomaliza kulandira zimenezi, lisapitirire sabata yoyamba ya Juni. Mpira ukatha anthu amabalalika, ndipo amene wati atumiza mawa amadzakumbukira masewera atsopano atatsegulidwa kale.

Kenako mlembi alembe ndime ziwiri kapena zitatu zofotokoza sizoniyo: amene anatsogola pa Khirisimasi, sabata imene zinthu zinatembenuka, kaputeni amene anagawa gulu. Ngwazi nayo ilembe mawu ochepa. Pakapita zaka, gawo limeneli ndi lomwe anthu amathamangira kuwerenga asanaone manambala. Mukamaliza, koperani kaundula yense n'kumusunga malo awiri osiyana.

Nanga zaka zimene simunalembe?

Zina zikhoza kupezeka. Aliyense atsegule Gameweek History yake n'kutsikira pansi pomwe pali masizoni akale, ajambule. Ndi mapointi onse a munthu aliyense mukhoza kumanganso tebulo la Classic la chaka chilichonse, malinga ngati ligi inayamba kuwerenga pa Gameweek 1 ndipo mukudziwa amene analimo. Funsaninso amene anachoka m'ligi, chifukwa popanda iwo wachitatu akhoza kuoneka ngati woyamba. Head-to-Head ndi kapu sizingamangidwenso motere. Pamenepo fufuzani zithunzi zakale m'mafoni ndi mauthenga akale a m'gulu.

Chilichonse chimene mwapeza, lembani kumene chachokera: chithunzi, tsamba la masewera, kapena pakamwa chabe. Ngati anthu awiri akukumbukira zosiyana ndipo umboni palibe, lembani zonse ziwiri ndi maina a onena. Musadzaze mpata ndi kuganizira. Nambala imodzi yabodza ikadzapezeka, anthu amayamba kukayikira kaundula yense.

Tebulo la zaka zonse

Limeneli limangeni mukakhala ndi masizoni atatu kapena kuposa. Musangophatikiza mapointi a zaka zonse, chifukwa tebulo lotero limangoonetsa amene wakhalitsa. Pa munthu aliyense ikani masizoni amene wasewera, zikho za Classic, maulendo amene wamaliza mwa atatu apamwamba, malo ake abwino kwambiri, ndi avareji ya mapointi pa Gameweek imodzi. Kumbukirani kuti kukhala wachitatu pa anthu 6 si chimodzimodzi ndi kukhala wachitatu pa anthu 20, n'chifukwa chake chiwerengero cha anthu chija chiyenera kuoneka pafupi ndi malo a munthu. Pa avareji, gwirizanani kuti munthu alowe pa mndandanda akakwanitsa masizoni angati, kuti wa chaka chimodzi chabwino asakhale pamwamba pa onse.

Ngati munalemba mapointi sabata ndi sabata, mulinso ndi chuma china: mukhoza kutenga anthu awiri aliwonse n'kuwerenga kuti wina anaposa mnzake masabata angati m'zaka zonse, ngakhale sanakumanepo pa Head-to-Head.

Masewera atsopano akatsegulidwa, amene anatsegula ligi aikonzenso kuti anthu akale abwerere, ndipo mlembi atsegule tsamba la sizoni yatsopano, atenge maina ndi manambala a matimu, awerenge malamulo amene asintha n'kuwalemba pamwamba. Kusintha kulikonse kwa malamulo a gulu kuchitike nthawi ya Gameweek 1 isanatsekedwe, mphindi 90 masewera oyamba asanayambe. Ngati mlembi watopa, nthawi yosiyira mnzake ndi imeneyi. Amupatse mphamvu zolemba mu kaundula, zithunzi zonse ndi tsamba la malamulo, ndipo alembere limodzi masabata awiri oyamba kuti kalembedwe kasasinthe.